Khutba ya Lachisanu: Ntchito za Pakhomo ndi Baraka ya Nthawi

Nhartanda, mzinda wa Tete

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini nthawi ndi Mwini rizki, Amene adatipatsa manja ogwirira ntchito ndi makomo obwererako dzuwa likapendeka. Tikumuthokoza pa mtendere umene tikuudziwa ndi umene sitikuudziwa, ndipo tikumupempha atiteteze ku ulesi wa matupi athu ndi ku kuuma kwa mitima yathu. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndipo tikuikira umboni kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa akubanja lake, pa maswahaba ake, ndi pa onse owatsatira mwaubwino kufikira Tsiku la Chiweruzo.

Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni ake ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri. Mseri waukulu wa munthu ndi nyumba yake. Mumzikiti aliyense amaoneka wofatsa, koma chimene munthu ali chimadziwika akatseka chitseko cha kwawo.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, mu Surah Al-Jumu'ah, ndime 9, Allah akutilamula kusiya malonda tikamva kuitana kwa swala ya tsiku lino, ndipo mu ndime 10 akutilola kubalalika swala ikatha kuti tikafunefune zabwino Zake, uku tikumukumbukira kwambiri. Ambiri tikamva ndime imeneyi maganizo athu amathamangira ku msika wa Kwachena, ku maofesi a m'tauni, kapena ku migodi ya malasha ya ku Moatize. Koma taonani kumene mapazi athu alowere tikatuluka pakhomo la mzikiti uno: ambiri tikupita kunyumba. Ndipo kunyumbako kuli anthu amene akhala akugwira ntchito kuyambira kusanache, ntchito yopanda malipiro a pamwezi, yopanda tchuthi, yopanda woiyamikira. Khutba yathu lero ndi ya ntchito imeneyo.

Chatichititsa kusankha mutu umenewu ndi funso limene amayi angapo a m'dera lathu lino atifunsa m'masabata apitawa. Mawu awo ndi osiyana koma nkhawa yawo ndi imodzi. Akuti Asr imawadutsa ali pamzere wa madzi, Maghrib imawapeza nsima ili pamoto, ndipo Isha imafika iwo atagona kale pamphasa ndi zovala za kukhitchini. Akufunsa ngati Allah adzawakhululukira. Masiku omwewo tidamvanso dandaulo la abambo ena amene kontrakiti yawo idatha ndipo ali pakhomo. Iwo akuti tsiku likuwatalikira, sakudziwa chochita nalo. Tidadabwa kuona kuti madandaulo awiriwa nthawi zina akuchokera pansi pa denga limodzi. Wina nthawi yamuchepera, wina yamuchulukira, ndipo akudyera m'mbale imodzi.

Niya imasandutsa tsache kukhala ibada

Chiyambi cha nkhaniyi chili mu mtima. Hadith imene Imam Bukhari adatsegulira buku lake, yochokera kwa Umar bin Khattab (Allah asangalale naye), imatiphunzitsa kuti ntchito iliyonse imayezedwa ndi niya ya woichita. Ndipo pamene Sa'd bin Abi Waqqas adadwala ku Makka, Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) adamuuza kuti chilichonse chimene munthu apereka pofuna chikondi cha Allah adzalipidwa nacho, ngakhale nthongo ya chakudya imene aika m'kamwa mwa mkazi wake. Ngati nthongo imodzi ili ndi malipiro, nanga bwanji amene adagula makala, kusonkha moto pambaula, kuvundula nsima ndi kutsuka mphika?

Choncho mayi amene akusesa pabwalo kuti ana ake asaponde zonyansa ali pa ibada. Bambo amene akukonza chitseko cha chimbudzi kuti banja lake libisike ali pa ibada. Mnyamata amene akusenza chigubu cha malita 20 kuti agogo ake apeze madzi a wudhu ali pa ibada. Kusiyana kwa amene akungotopa ndi amene akutopa uku akulembedwa zabwino ndi mawu ochepa a mu mtima asanagwire tsache. Tisalole kuti thukuta lochuluka chonchi, m'dziko lotentha chonchi, lipite pachabe chifukwa choiwala niya.

Koma tichenjere. Kunena kuti ntchito ya pakhomo ndi ibada sikutanthauza kuti imalowa m'malo mwa swala. Mu Surah An-Nisa, ndime 103, swala yatchulidwa kuti ndi lamulo lokhala ndi nthawi zake zoikika, ndipo mu Surah Al-Munafiqun, ndime 9, tachenjezedwa kuti chuma ndi ana zisatitangwanitse mpaka kuiwala kukumbukira Allah. Yankho kwa amayi aja silingakhale lakuti siyani swala. Silingakhalenso lakuti pirirani basi. Yankho lili pa zinthu ziwiri zimene tizipeza m'nyumba ya Mtumiki (SAW): kugawana ntchito ndi kugawa nthawi.

Mmene Mtumiki (SAW) ankakhalira kunyumba

Al-Aswad bin Yazid adafunsa mayi wathu Aisha (Allah asangalale naye) kuti Mtumiki (SAW) ankachita chiyani akakhala m'nyumba. Aisha adayankha kuti ankakhala akutumikira akubanja lake, ndipo nthawi ya swala ikakwana ankatuluka kukaswali. Hadith imeneyi ili mu Bukhari. M'nkhani zina zimene Imam Ahmad adasunga, Aisha adafotokoza kuti Mtumiki ankasoka yekha chovala chake, kukonza nsapato zake ndi kukama mbuzi yake.

Taganizani, abale athu, kuti ameneyu adali ndani. Adali mtsogoleri wa Madina, woweruza milandu, mphunzitsi wa ummah wonse, munthu amene Jibril ankamutsikira ndi chivumbulutso. Maswahaba ankapikisana kuti amutumikire. Akadangokweza chala, anthu khumi akadathamangira nsapato ija. Koma adatenga yekha singano. Tsono ndani mwa ife anganene kuti udindo wake ndi waukulu kotero kuti sangatsuke kapu imene wamwera tiyi?

Tikudziwa chimene chimamanga manja a abambo ambiri. Si kusowa mphamvu, koma kuopa pakamwa pa anthu. Bambo akaoneka akuchapa matewera kapena akutunga madzi, anzake pansi pa mtengo amati wadyetsedwa mankhwala. Mawu amenewo ndi a umbuli, ndipo mkati mwake muli kukhulupirira zamatsenga kumene Msilamu ayenera kutalikirana nako. Mtumiki (SAW), m'hadith ya Tirmidhi, adaika muyeso wa ubwino wa mwamuna pa mmene amakhalira ndi banja lake, ndipo adadzitchula yekha kuti ndiye wopambana pa zimenezo. Amene akuseka bambo wothandiza mkazi wake akuseka sunnah, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Makolo athu adati mutu umodzi susenza denga. Timaugwiritsa ntchito mwambi umenewu pa maliro ndi pomanga mzikiti, koma timauiwala pa denga lenilenilo limene tikugonamo.

Manja a Fatima ndi mutu wa Asma

Kwa amayi athu ndi alongo athu, dziwani kuti kutopa kwanu si kwachilendo m'mbiri ya Chisilamu. Fatima, mwana wokondedwa wa Mtumiki (SAW), adapera tirigu pamphero mpaka manja ake adatuluka matuza. Mwamuna wake Ali (Allah asangalale nawo onse awiri) adatunga madzi mpaka chifuwa chidamuwawa. Onani kuti onse awiri adali otopa, chifukwa onse awiri ankagwira ntchito. Atamva kuti kwafika antchito, Fatima adapita kukapempha mmodzi. Mtumiki sadampatse, pakuti osauka a pa Suffa adali ndi njala ndipo iwo ndiwo adayenera kuyamba kuthandizidwa. M'malo mwake adapita usiku kunyumba kwawo, nakhala pakati pawo, nawaphunzitsa kuti akamagona azinena Subhanallah ka 33, Alhamdulillah ka 33 ndi Allahu Akbar ka 34, ndipo adawauza kuti zimenezo ndi zabwino kwa iwo kuposa wantchito. Ali adanena pambuyo pake kuti sadasiyepo mawu amenewa, ngakhale usiku wa nkhondo ya Siffin.

Dhikiri imeneyi ndi mphatso ya anthu otopa. Siifuna ndalama, siifuna kuwala kwa nyali, ndipo siitha mphindi zitatu. Aliyense wa ife aigwire kuyambira usiku wa lero.

Koma abambo ena amaitenga hadith imeneyi ngati chishango. Mkazi akati ndatopa, iwo amati chita tasbih monga Fatima, iwo ali gone pakhonde. Ameneyo waiwerenga hadith ndi diso limodzi. Ali adali ndi chifuwa chowawa chifukwa cha ndowa. Ndipo pali nkhani ina, mu Bukhari ndi Muslim momwemo, ya Asma mwana wa Abu Bakr. Adakwatiwa ndi Zubair bin Awwam ali wosauka, wopanda chuma kupatula kavalo ndi ngamira yotungira madzi. Asma ankadyetsa kavaloyo, kutunga madzi, kusoka ndowa yachikopa ikabooka, kukanda ufa, ndi kusenza pamutu njere za tende kuchokera kumunda wa mwamuna wake, mtunda wa makilomita opitirira atatu. Iye mwini adaulula kuti sankadziwa bwino kuphika mkate, ndipo anansi ake, amayi achi-Ansar, ndiwo ankamuphikira. Pambuyo pake bambo ake adamutumizira wantchito woti aziyang'anira kavalo, ndipo Asma adati zidali ngati amumasula ku ukapolo.

M'nkhani imeneyi muli maphunziro awiri a ife a ku Nhartanda. Loyamba ndi lakuti kuvomera kuti sungathe zonse si manyazi. Mwana wa Abu Bakr adathandizidwa ndi anansi. Amayi athu amadziwa kale kusonkherana ndalama pa xitique. Nzeru yomweyo ingagwire ntchito pa nthawi: lero mmodzi ayang'anire ana a nyumba ziwiri pamene mnzake wapita kudimba, mawa asinthane. Lachiwiri ndi lakuti kuchotsera munthu ntchito imodzi yokha yolemetsa kungasinthe moyo wake wonse. Abu Bakr sadachotse ntchito zonse za Asma. Adachotsa kavalo. Bambo aliyense pano adzifunse kuti kavalo wa m'nyumba mwake ndi chiyani. Mwina ndi madzi, mwina ndi makala ochokera kutali, mwina ndi kuperekeza ana kusukulu. Aitenge ntchito imeneyo ikhale yake.

Mizati isanu ya tsiku

Tibwere tsopano pa kugawa nthawi. Anthu ena amagula mabuku ophunzitsa kakonzedwe ka tsiku. Msilamu adapatsidwa kale ndondomeko yake, ndipo imalengezedwa kasanu pa tsiku kuchokera pamzikiti. Swala zisanu zili ngati mizati ya nyumba. Ukayamba kuimika mizati, zipupa zimapeza pokhala. Vuto lathu ndi lakuti timayamba ndi ntchito, kenako n'kumafunafuna mpata woti tilowetsemo swala. Titembenuze: tiyambe ndi swala, ndipo ntchito iliyonse tiipatse malo ake pakati pa swala ziwiri.

Kuno ku Tete dzuwa lenilenilo limatikakamiza kutero. Tonse tikudziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo malata amayamba kuotcha nthawi ya kadzutsa isanathe. M'miyezi imeneyi Fajr imalowa cha m'ma 4 koloko ndipo dzuwa limatuluka 5 koloko itangopitirira. Maora a pakati pa Fajr ndi 9 koloko ndiwo chuma cha tsiku lonse. Mtumiki (SAW) adapempha Allah kuti adalitse ummah wake m'mamawa mwake. Swahaba amene adasimba hadith imeneyi, Sakhr Al-Ghamidi, adali wamalonda, ndipo ankatumiza katundu wake kumayambiriro kwa tsiku, mpaka adalemera. Izi zili mu Abu Dawud ndi Tirmidhi. Alimi a m'chigwa chathu chino amaidziwa hadith imeneyi ndi manja awo ngakhale amene sadaimvepo. Amathirira letesi, kabichi ndi tomato kusanatenthe, ndipo dzuwa likamakwera masamba awo ali kale pamsika. Choncho ntchito yolemetsa, monga kuchapa, kutunga madzi, kulima ndi kukazinga mandasi ogulitsa, ipite m'mawa. Amene amabwerera kukagona pambuyo pa Fajr mpaka dzuwa litalowa m'chipinda wagulitsa gawo lonona la tsiku lake pa mtengo wa tulo.

Masana, pamene ngakhale mbuzi zimathawira pamthunzi, chipembedzo chathu sichitilamula kulimbana ndi dzuwa. Abu Dharr adasimba kuti ali paulendo, muadhini adafuna kuitana swala ya Dhuhr, koma Mtumiki (SAW) adamuuza kuti adikire kuzizire, mpaka adaona mithunzi ya zitunda. Sahl bin Sa'd adanena kuti tsiku la Ijumaa maswahaba ankadya ndi kupuma masana swala itatha. Ndipo Surah An-Nur, ndime 58, imatchula nthawi ya masana pakati pa nthawi zitatu zimene anthu a m'nyumba amapumula ndipo ana ayenera kuodira asanalowe. Kupuma kwa masana ndi gawo la ntchito, pakuti kumabweza mphamvu za madzulo. Koma tifunse moona: m'nyumba zathu ndani amapuma masana? Ngati bambo agona pamene mayi ali pamoto kuphika nkhomaliro, kenako akutsuka mbale mpaka Asr, ndiye kuti sunnah imeneyi taipereka kwa munthu mmodzi. Ndiwo za masana zikhoza kuphikidwa m'mawa moto ukadali woyaka, ndipo mbale akhoza kutsuka ana.

Pakati pa Asr ndi Maghrib ndi nthawi ya ntchito zopepuka ndi ya madrasa. Chakudya chamadzulo chikonzedwe adhana isanamveke, kuti Maghrib, imene nthawi yake ndi yaifupi, isapikisane ndi mphika. Pakati pa Maghrib ndi Isha banja likhale pamodzi, ana aonetse makope awo ndi kuwerenga surah zawo. Pambuyo pa Isha tigone. Abu Barza adasimba kuti Mtumiki (SAW) sankakonda macheza pambuyo pa Isha. Fajr ya mawa imapulumutsidwa kapena kutayidwa usiku wa lero.

Amene nyumba yawo ndiyo malo a malonda

Ambiri mwa ife nyumba ndiyonso malo opezera ndalama. Wina ali ndi makina osokera pakhonde, wina amaumitsa madzi a malambe m'firiji, wina ali ndi kabenchi ka sopo, mchere ndi kapenta pageti, wina amatumizira anthu ndalama pa M-Pesa ndi e-Mola. Ntchito imeneyi ndi yolemekezeka. Mtumiki (SAW) adatiuza kuti chakudya chabwino koposa ndi chimene munthu wachipeza ndi manja ake, ndipo adapereka chitsanzo cha Mneneri Dawud (mtendere ukhale pa iye), amene adali mfumu koma ankadya za manja ake. Mayi wathu Zainab bint Jahsh ankafufuta ndi kusoka zikopa m'nyumba mwake, ndipo zimene ankapeza ankapereka sadaka, mpaka akazi anzake adazindikira kuti iye ndiye amene Mtumiki ankatanthauza ponena za wa dzanja lalitali.

Koma wogwira ntchito pakhomo ali ndi mayeso ake. Alibe kapitawo womuyang'anira, choncho ayenera kukumbukira kuti Allah akumuona. Telala amene walonjeza kuti diresi litha Lachinayi, alithe Lachinayi, pakuti kuphwanya lonjezo kwatchulidwa pakati pa zizindikiro za unafiki. Ndalama ya malonda isasakanizidwe ndi ndalama ya ndiwo. Ndime yaitali koposa m'Qur'an yonse, ya 282 mu Surah Al-Baqara, ikunena za kulemba ngongole. Kope la ma meticais ochepa lingapulumutse mpamba umene ukadatha osadziwika kumene wapita. Ndipo a m'nyumba alemekeze maora a ntchito imeneyi. Mayi akakhala pamakina, asamaitanidwe kasanu pa ola limodzi kuti apereke madzi akumwa kwa munthu amene ali ndi miyendo yake.

Kwa abale athu amene ntchito idatha ndipo akudikira ina: Allah akutsegulireni makomo. Koma kudikira si ntchito. Ibn Abbas adasimba kuti Mtumiki (SAW) adatchula mitendere iwiri imene anthu ambiri amaluza nayo, thanzi ndi mpata. Inu muli nazo zonse ziwiri lero, ndipo tsiku lina mudzazifuna osazipeza. Pitani kukafunsira ntchito m'mawa, ndipo mukabwerako yang'anani nyumba yanu ndi maso a mmisiri: denga lodontha mvula isanabwere, khola la nkhuku, dzenje la zinyalala, mwana amene masamu akumuvuta. Surah Ash-Sharh, m'ndime zake ziwiri zomaliza, imalangiza kuti munthu akamaliza ntchito ina alimbikire ina, ndipo chiyembekezo chake achiike kwa Mbuye wake.

Tisamalize osatchula mbala imene tonse timaisunga m'thumba. Foni ndi chida chabwino, ndipo ambiri timadyera momwemo. Koma munthu amaitsegula kuti aone uthenga umodzi pa WhatsApp, ndipo akamadzutsa mutu nyemba zapserera ndipo mthunzi wasuntha. Tidziyese tokha sabata ino. Ngati maora amene tapereka ku Facebook ndi TikTok akuposa amene tapereka ku Qur'an ndi kwa ana athu titawaphatikiza, tisanene kuti nthawi yatichepera. Madzi akatayika saoleka, ndipo ola likapita silibwerera. M'hadith ya Tirmidhi tauzidwa kuti pa Tsiku la Chiweruzo munthu sadzasuntha asanafunsidwe za moyo wake, kuti adautha pa chiyani.

Tanena mawu athuwa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mpempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake, pa akubanja lake ndi pa maswahaba ake onse.

Inu akapolo a Allah, tatsala ndi anthu awiri amene kawirikawiri amasenza ntchito ya pakhomo popanda wowalankhulira: mwana wamkazi ndi wantchito.

M'makomo ambiri mtsikana amadzuka woyamba ndi kugona womaliza, pamene mlongo wake wamwamuna ali kumpira. Akafika m'kalasi akuodzera, ndipo akalephera timati alibe nzeru. Mtumiki (SAW) adalamula makolo kuchita chilungamo pakati pa ana awo, pamene bambo a Nu'man bin Bashir adafuna kupatsa mphatso mwana mmodzi yekha. Ngati chilungamo chikufunika pa mphatso, chikufunikanso pa ndowa ndi tsache. Mnyamata wophunzira kuphika ndi kuchapa sachepa umuna. Akukonzekera tsiku limene adzakhale yekha ku Beira kapena ku Maputo, ndi tsiku limene mkazi wake adzadwale. Kuwongola mtengo mpoyamba.

Za antchito a m'nyumba, ambiri mwa iwo ndi ana a abale athu ochokera kumidzi ya ku Angónia, Tsangano kapena Changara, amene tidawatenga ndi lonjezo la sukulu. Tidzifunse ngati lonjezo lija tikulisunga. Abu Dharr adasimba kuti Mtumiki (SAW) adawatcha otitumikira abale athu, nalamula kuti tiziwadyetsa chimene tikudya, tiziwaveka monga tivalira, tisawasenzetse zoposa mphamvu zawo, ndipo ntchito ikakula tiwathandize. Mu Bukhari mulinso chenjezo loopsa lakuti Allah Mwini adzakhala wotsutsana ndi munthu amene adagwiritsa ntchito mnzake mokwanira koma osamulipira. Ngakhale boma la dziko lathu, mu 2008, lidakhazikitsa Decreto 40/2008 yoyang'anira ntchito za m'nyumba, imene idapatsa wantchito tsiku lopuma pa sabata ndi tchuthi cha pachaka. Nyumba yowala chifukwa cha misozi ya mwana wa eni ilibe baraka, ngakhale pansi pake pakhale pong'anima.

Pali ntchito zina zazing'ono za usiku zimene Mtumiki (SAW) adazitchula mwachindunji m'hadith ya Jabir: kuvundikira ziwiya, kumanga pakamwa pa zosungira madzi, kutseka zitseko potchula dzina la Allah, ndi kuzimitsa moto pogona. Ife amene tidaona kolera ikulowa m'chigawo chathu mu 2023 tikudziwa mtengo wa chidebe chosavundikira. Tikudziwanso kuti mbaula ya makala siyenera kugona m'chipinda chotseka. Ndipo pansi pa chigwa chathu cha Nhartanda pali madzi amene zitsime zakuya zimapopa kuti mzinda umwe. Zinyalala zimene timataya m'chigwa pofuna kufupikitsa ntchito sizipita kutali ndi makapu athu. Pa kagwiritsidwe ka madzi, Anas adasimba kuti Mtumiki ankachita wudhu ndi muddi imodzi, madzi osakwana lita. Amene sadasenze chigubu asakhale woyamba kuchikhuthula.

Pomaliza, tisachoke pano ndi maganizo akuti Msilamu wabwino ndi amene sapuma. Salman Al-Farisi atachezera m'bale wake Abu Darda, adapeza mkazi wake wosasamalika chifukwa mwamunayo adadzipereka ku kusala ndi kuswali usiku mpaka kuiwala nyumba. Salman adamukumbutsa kuti Mbuye wake ali ndi gawo pa iye, thupi lake lili ndi gawo, ndi banja lake lili ndi gawo, ndipo aliyense apatsidwe lake. Mtumiki (SAW) atamva adavomereza mawu a Salman. Ndipo Aisha adasimba kuti ntchito zokondedwa koposa kwa Allah ndi zopitirira ngakhale zichepe. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Choncho sitikupemphani kuti musinthe zonse lero. Tikupemphani kuti usiku uno, pambuyo pa Maghrib, banja lililonse likhale pansi. Bambo afunse mayi kuti ndi swala iti imene imakuvutani kuipeza pa nthawi yake, ndipo ndi ntchito iti imene imaitsekereza. Ntchito imeneyo ipeze mwini wina, kapena ipeze ola lina. Lachisanu likudzali, Allah akalola, aliyense abwere akudziwa mu mtima mwake kuti m'nyumba mwake palibe amene adataya swala chifukwa cha mphika umene tonse tidadyamo. Aliyense wa ife ndi m'busa, ndipo adzafunsidwa za zimene adapatsidwa kuweta.

O Allah, dalitsani Mtumiki Wanu Muhammad ndi akubanja lake monga mudadalitsira Ibrahim ndi akubanja lake. O Allah, ikani baraka m'mamawa mwathu ndi mpumulo m'usiku wathu. Titetezeni ku ulesi, ku ngongole zolemetsa ndi ku mtima wosayamika. O Allah, lipirani amayi athu pa ndowa iliyonse imene adasenza ndi moto uliwonse umene adasonkha chifukwa cha ife. Amene ali moyo apatseni thanzi, amene adatsogola awalitsireni manda awo. O Allah, apatseni ntchito ya halali amene akuifuna, chiritsani odwala athu, ndipo tigwetsereni mvula ya madalitso, yosaononga minda ndi nyumba za m'mphepete mwa Zambezi ndi Revúbuè. Ikani mtendere m'dziko lathu la Mozambique, ku Cabo Delgado ndi kulikonse kumene anthu athawa makomo awo. Zipangeni nyumba zathu kukhala malo a swala, a chifundo ndi a ntchito yolandiridwa kwa Inu. Amin.

Inu akapolo a Allah, mkumbukireni Allah ndipo Iye akukumbukirani, muthokozeni ndipo akuonjezerani. Imikani swala.